Silabu imadya matumba angati a simenti? Yambani mwayeza

Akonzi,

Tiloleni tidutsire m'nyuzipepala yanu poyankha funso limene amisiri omanga timakumana nalo chaka chilichonse, anthu akangogulitsa mbatatesi, soya ndi fodya kuno ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Macanga. Munthu akagwira ndalama za zokolola amaimitsa mmisiri panjira n'kumufunsa kuti, "Amisiri, silabu ya nyumba ya zipinda zitatu imalowa matumba angati?" Mmisiri naye, poopa kuoneka ngati ntchito saidziwa, amayang'ana kumwamba pang'ono n'kuti makumi atatu akwana. Tsiku lothira likafika, dzuwa lili paliwombo, matumba atsala anayi koma pabalaza ponse pakadali dothi. Mwini nyumba amati mmisiri waba simenti, mmisiri amati bwana ngoumira, ndipo anyamata osakaniza amauthetsa okha mlanduwo mwakachetechete: amachepetsa simenti n'kuchulutsa mchenga ndi madzi kuti ntchito ithe. Chaka chisanathe, mayi akamasesa pabalazapo tsache limatola mchenga.

"Zipinda zitatu" si muyeso. Nyumba ziwiri za zipinda zitatu zimatha kusiyana ndi theka lathunthu. Konkire imawerengedwa ndi manambala atatu okha, ndipo onse amachokera pa tepi: m'litali, m'lifupi ndi kuchindikala kwa silabuyo. Onse atatu akhale m'mamita, kenako muwachulukitse. Zimene mwapezazo ndi makiyubiki mita, amene eni malole kuno amati metro cúbico. Kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000, kutanthauza ndowa 50 za malita 20 kapena migolo isanu ya malita 200.

Titenge nyumba ya mamita 9 m'litali ndi mamita 7 m'lifupi. Pansi pake ndi masikweya mita 63. Silabu ya pansi pa nyumba yogona nthawi zambiri imakhala yochindikala masentimita 10, ndiye kuti 0.10 ya mita. Tikachulukitsa 63 ndi 0.10 tipeza makiyubiki mita 6.3. Pamene anthu ambiri amapunthwa ndi pa kadontho aka. Masentimita 10 ndi 0.10, masentimita 12 ndi 0.12, koma masentimita 7 ndi theka ndi 0.075. Wolemba 0.75 pafoni amapeza konkire yokwana nyumba khumi. Pamapepala a Chipwitikizi mupeza alemba 0,10 ndi koma, musadabwe, ndi nambala yomweyo. Vuto lina nlakuti amisiri ambiri anaphunzira ntchito ku Malawi, kutsidya kwa malire a Calomue ndi Zóbuè, ndipo amayankhula za mafiti ndi mainchesi. Mainchesi anayi ndi masentimita 10, futi imodzi ndi masentimita 30 ndi theka. Wina akamayeza m'mafiti wina akulemba m'mamita, sinthani zonse zikhale m'mamita musanayambe kuchulukitsa.

Gwirizananinso kumene tepi iyambire. Ngati silabu ikwera pamwamba pa makoma a maziko, muyeza kunja kwa nyumba. Ngati ithiridwa m'kati mwa zipinda, makoma atazungulira, muyeza chipinda chilichonse pachokha n'kuphatikiza. Pa nyumba yathuyi, makoma akunja a masentimita 20 okha amatsitsa masikweya mita 63 kufika pafupifupi 57, makoma am'kati osawerengera. Nyumba yokhota ngati chilembo cha L muidule pa pepala ikhale mabokosi awiri. Ngati ndi silabu yozungulira, monga pokhazika thanki ya madzi, yezani pakati pake kuchoka mbali iyi kufika mbali inayo, tengani theka lake, mulichulukitse ndi lokha, kenako ndi 3.14. Ya mamita 3 ipereka masikweya mita 7 ndi pang'ono, ndipo ikachindikala masentimita 15 ifuna kiyubiki mita imodzi ndi kakang'ono pamwamba.

Tsopano pamene ndalama zimalowera osaoneka. M'litali ndi m'lifupi sizinama, aliyense amaziona. Kuchindikala ndiye kumanama, chifukwa kumadalira dothi la pansi limene palibe amene amalilabadira. Pa nyumba ya masikweya mita 63, sentimita imodzi yokha yowonjezera ndi makiyubiki mita 0.63, omwe ndi matumba anayi a simenti. Masentimita awiri ndi matumba 8. Taganizani: chala chanu chachikulu n'chotakata pafupifupi masentimita awiri, ndipo palibe munthu amene angaime pakhomo n'kuona ndi maso kuti dothi latsika ndi chala chimodzi pakati pa chipinda. Anyamata otsindira amakonda kutsindira kwambiri pakati pamene amaima bwino, m'mphepete n'kusiya, moti pansi pamakhala ngati mbale. Mmisiri amayeza masentimita 10 pafupi ndi khoma n'kukhutira, pamene pakati pali 13.

Mankhwala ake ndi chingwe ndi ndodo. Mangani chingwe cholimba kuchoka khoma ili kufika khoma linalo, pa levulo imene silabu ithere. Dulani kandodo, mukaike chizindikiro pa masentimita 10, muziyenda nako pansi pa chingwecho n'kumayeza pa mita iliyonse. Sunthani chingwe, bwerezani. Lembani manambala onse, muwaphatikize, mugawe ndi kuchuluka kwa malo amene mwayeza. Nambala imeneyo ndiyo kuchindikala kwenikweni kwa silabu yanu. Mukapeza 12 m'malo mwa 10, muli ndi njira ziwiri: kugula matumba 8 owonjezera, kapena kuthira mawilibala angapo a mchenga n'kutsindiranso. Mchenga ndi wotsika mtengo kuposa simenti, ndiye ife timati konzani pansipo. Pamene papereweranso mpoipa mofanana, chifukwa silabu imene kwina ili 6 kwina 13 imang'ambikira pomwe yapyapyalapo.

Pansi pamene padzazidwa miyala ikuluikulu kapena zidutswa za njerwa pamamwa konkire kwambiri. Phala la simenti limatsikira m'mipata ya miyalayo ndipo simudzalionanso. Tsekani mipatayo ndi mchenga wochindikala masentimita 3 mpaka 5, muutsindire utanyowa pang'ono, kenako muyale pulasitiki wakuda. Mchenga umenewu uli ndi nambala yakeyake imene ambiri amaiwala: 63 kuchulukitsa ndi 0.05 ndi makiyubiki mita atatu ndi pang'ono, pafupifupi wofanana ndi mchenga wonse wolowa m'konkire. Pulasitiki amaletsa chinyezi kukwera m'nyumba nthawi ya dzinja, komanso amaletsa dothi louma kuyamwa madzi a konkire isanagwire. Pogula wonjezerani magawo 15 pa 100 alionse, chifukwa polumikiza payenera kusanjikizana masentimita 15 mpaka 20. Mankhwala a chiswe athiridwe pulasitiki asanayalidwe.

Palinso tizigawo timene sitilowa m'masamu oyamba aja koma timadya simenti. Silabu ikakhala ndi mphepete yozama, tinene masentimita 30 m'lifupi ndi masentimita 20 kutsika pansi kuzungulira nyumba yonse ya mamita 32, pamenepo pokha pali pafupifupi makiyubiki mita 1.9, omwe ndi matumba 12. Masitepe atatu a pakhomo, otakata mita imodzi, lililonse lokwera masentimita 15 ndi popondapo masentimita 30, adya matumba awiri. Khonde limafuna kupendekeka sentimita imodzi kapena ziwiri pa mita iliyonse kuti madzi a mvula azithawa khoma. Ngati mbali ina ili 14 ina 10, werengerani 12.

Mukaphatikiza zonse, wonjezerani ina yotayika. Ina imatsalira m'wilibala, ina imagwa panjira, ina imakankha thabwa n'kutuluka. Pa silabu ya pansi ikani magawo 10 pa 100. Nyumba yathu ija, tikaitenga yopanda mphepete yozama, ichoka pa 6.3 kufika pa 6.93, tingoti makiyubiki mita 7.

Apa mpamene pamafunika kudekha, chifukwa makiyubiki mita 7 a konkire satanthauza makiyubiki mita 7 a zipangizo. Yesani izi pakhomo panu. Dzazani ndowa ya malita 20 ndi miyala yophwanya, imene kuno timati brita ndipo anzathu a kutsidya amati kwale. Ndowa yadzaza mpaka m'milomo, koma thiranimo madzi: mulowa malita 8 kapena 9 asanasefukire. Malo amene mwalowa madziwo ndi amene mchenga umakabisala posakaniza, simenti nayenso n'kukabisala m'mipata ya mchengawo. Nchifukwa chake ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga ndi zinayi za miyala, zomwe ndi ndowa 7 zikakhala padera, zimatulutsa konkire yokwana ndowa zinayi ndi theka zokha. Amisiri owerengera amachulukitsa konkire yofunika ndi 1.54 kuti apeze zipangizo zouma. Amene sadziwa zimenezi amagula zinthu zoperewera ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo ndi amene amati matumba 30 pamene pakufunika 44.

Thumba la makilogalamu 50 limakhala ndi simenti wokwana pafupifupi malita 35. Pa msakanizo wa 1:2:4 (muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala), womwe ndi woyenera pansi pa nyumba ndi pakhonde, kiyubiki mita imodzi ya konkire imafuna matumba 6.3, mchenga wokwana makiyubiki mita 0.44 ndi miyala yokwana 0.88. Pa 1:3:6, wa m'ngalande za maziko a nyumba wamba, ndi matumba anayi ndi theka, mchenga 0.46, miyala 0.92. Pa 1:2:3 ndi matumba 7 ndi theka, mchenga 0.51, miyala 0.77. Pa 1:1.5:3, wa zipilala, mabimu (mitanda ya konkire yonyamula silabu) ndi silabu ya pamwamba, ndi matumba 8, mchenga 0.42, miyala 0.84. Nyumba yathu ya makiyubiki mita 7 pa 1:2:4 ifuna matumba 44, mchenga makiyubiki mita atatu ndi pang'ono, ndi miyala makiyubiki mita 6.2. Wofuna nambala yosunga pamtima asunge iyi: pa 1:2:4, thumba limodzi limatulutsa malita 160 a konkire, ndipo limakuta sikweya mita imodzi ndi theka ngati silabu ili masentimita 10. Mmisiri akakuuzani kuti thumba limodzi likuta masikweya mita atatu, dziwani kuti mwina silabu yake ndi ya masentimita 5 kapena simenti wake ngwongonunkhiritsa.

Pa matumba pamalembedwa 32.5 kapena 42.5. Wa 42.5 amalimba kwambiri ndipo amalimba msanga, ndi amene timalangiza pa silabu ya pamwamba ndi zipilala. Wa 32.5 amagwira bwino ntchito ya pansi pa nyumba pa 1:2:4. Chimene sitigwirizana nacho ndi chizolowezi chogula wa 42.5 n'kumati ndiye thumba limodzi lilandire mawilibala atatu a mchenga. Phala likachepa silikuta miyala yonse, kaya simentiyo ngwamphamvu bwanji, ndipo mukachotsa matabwa mupeza m'mbali muli mabowo ngati zisa za njuchi.

Masamu a pa pepala amafera pa fosholo. Fosholo ya simenti wouma imanyamula pang'ono chifukwa amasesereka, fosholo ya mchenga wonyowa imanyamula mulu. Wowerenga "imodzi, ziwiri, zinayi" ndi fosholo amakhala akusakaniza 1:3:5 kapena kuposa osadziwa. Yezerani pa thumba lathunthu. Thumba limodzi la malita 35 lifuna malita 70 a mchenga ndi malita 140 a miyala, ndiye ndowa zitatu ndi theka za mchenga ndi ndowa 7 za miyala. Wilibala ya amisiri yodzaza mosapanga mulu imanyamula pafupifupi malita 65, nchifukwa chake timati thumba limodzi, wilibala imodzi ya mchenga, mawilibala awiri a miyala. Koma mawilibala ogulitsidwa m'misika ya ku Ulongue ndi ku Tete sali ofanana, ndipo ya mulu imanyamula zochuluka kwambiri kuposa yosalaza. Yezani yanu: thiranimo ndowa zitatu ndi theka za mchenga, salazani, jambulani mzere ndi penti pomwe mchenga walekeza. Mzere umenewo ndiye lamulo la tsikulo. Njira yoposa zonse ndi kukhoma bokosi la matabwa la masentimita 35 ndi 25 ndi 40 m'kati mwake, lokhala ndi zogwirira. Limeneli ndi malita 35 ndendende, thumba limodzi. Mabokosi awiri a mchenga, anayi a miyala, palibe wokangana ndi mnzake.

Mchenga uli ndi khalidwe lake. Ukanyowa pang'ono umafufuma, ndipo umatha kukula ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu. Wochokera kumtsinje m'mawa womwewo, kaya ku Revúbuè kapena ku timitsinje ta kumapiri kuno, ukadzaza ndowa zitatu ndi theka mumakhala mchenga weniweni wosakwana ndowa zitatu. Zikatero thirani ndowa zinayi ndipo muchepetse madzi, popeza mchengawo wabwera kale ndi ake. Onaninso matope. Tengani botolo loonekera m'kati, ikanimo mchenga kufika masentimita 10, dzazani madzi, ponyanimo kamchere pang'ono, khutchumulani n'kusiya maola atatu. Mchenga ukhala pansi, matope akhala pamwamba pake ngati kamzere kosalala. Kamzereko kakaposa mamilimita 8, mchengawo utsukidwe kapena ubwezedwe. Matope amakuta mchenga moti simenti sagwira, ndipo amafuna madzi ambiri. Mchenga wa m'ngalande za mumsewu ndi wa m'madambo umakhala ndi vuto limeneli kawirikawiri. Miyala ya silabu ya masentimita 10 ikhale ya mamilimita 19 mpaka 25. Yoswa ndi manja ilibe vuto malinga ngati mwaisefa, chifukwa imabwera ndi fumbi ndi zibulumwa zazikulu ngati chibakera.

Pogula, mawu akuti "lole imodzi" asakukhutiritseni. Kwerani ndi tepi muyeze bodi. Ya mamita 4 m'litali, 2.2 m'lifupi, yodzaza kufika masentimita 60, ili ndi makiyubiki mita 5.3. Ikadzaza kufika masentimita 45 yatsika kufika pa 4. Kumbukiraninso kuti kiyubiki mita ya mchenga kapena miyala imalemera tani imodzi ndi theka kapena kuposa pang'ono, moti lole ya matani 7 yonyamula moyenera imabweretsa makiyubiki mita anayi ndi theka basi. Miyala ya nyumba yathu ija, 6.2, siingabwere ulendo umodzi pa lole yotereyi. Ogula pa ngolo ya ng'ombe ayeze ngoloyo mwanjira yomweyo n'kuwerenga maulendo. Safunsa anadya phula.

Madzi nawonso amawerengedwa, ndipo kumene chitsime chili kutali ndi nkhani ya ndalama. Thumba limodzi limafuna malita 25, osapitirira 28, kuphatikizapo amene ali kale mumchenga. Matumba 44 ndi malita 1,100, migolo isanu ndi theka. Anyamata amakonda konkire yoyenda yokha ngati phala la mwana chifukwa siyolemetsa fosholo. Madzi opitirirawo simenti sawagwiritsa ntchito, amauma n'kusiya timabowo tosaoneka m'kati, pamwamba n'kukhala kachikungu kofewa kamene kamasanduka fumbi. Konkire yabwino mukaitapa ndi fosholo imaima mulu wonyezimira pang'ono, yosadontha madzi, ndipo imafuna kugwedezedwa ndi chitsulo kapena thabwa kuti ikhale pansi. Koma madzi ambiri amapita pothirira. Silabu iyenera kukhala yonyowa masiku 7, ndipo ku Tete ndi ku Moatize, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, masiku 10 si ochuluka. Mukamathira malita atatu pa sikweya mita katatu pa tsiku, nyumba yathu imwa migolo itatu tsiku lililonse, 20 pa sabata. Amene sangakwanitse zimenezo afunditse silabu ndi pulasitiki, masaka onyowa kapena mchenga wonyowa ikangoyamba kulimba. Konkire siiuma kuti ilimbe, imalimba chifukwa simenti akudya madzi, ndipo mphamvu zake zimawerengedwa pa masiku 28. Kuno kumapiri mu Juni ndi Julayi imalimba pang'onopang'ono chifukwa cha chisanu, ndiye musafulumire kuisenzetsa njerwa. Mphepo youma ya mu Ogasiti imang'amba pamwamba pa silabu yatsopano ngakhale kunja kukuzizira.

Werengeraninso nthawi. Makina osakanizira a thumba limodzi afunika kuzungulira maulendo 44, ndipo ulendo uliwonse, kuthira, kusakaniza ndi kukhuthula, umatenga mphindi 6 mpaka 8. Ndi maola anayi ndi theka mpaka 6 osapuma. Posakaniza ndi manja pamafunika anthu ambiri, malo osakanizira akhale pa malata kapena pa kasilabu kopyapyala osati padothi, ndipo ndi bwino kuwonjezera simenti ndi magawo 10 pa 100 chifukwa fosholo siisakaniza bwino ngati makina. Tembenuzani zouma katatu mpaka mtundu ufanane musanathire madzi. Simenti amayamba kugwira pakatha pafupifupi ola limodzi, kotentha msanga kuposa pamenepo, ndiye musasakanize matumba asanu nthawi imodzi ngati mawilibala ndi awiri. Yoyamba kulimba musaitsitsimutse ndi madzi. Ngati zaonekeratu kuti tsiku limodzi silikwana, sankhani nokha poimira, makamaka pamzere pamene padzadutse khoma, khomani thabwa loongoka muimire pamenepo. Simenti akakutherani mwadzidzidzi n'kusiya konkire yotsetsereka pakati pa chipinda, ya mawa siigwirana bwino ndi ya dzulo ndipo mng'alu udzatsata mzere womwewo. Osakaniza avale majombo, simenti wonyowa amawotcha khungu.

Silabu ya pamwamba, imene kuno imatchedwa placa, ndi nkhani ina, ndipo tikunena mosabisa kuti kuchindikala kwake, kukula kwa zitsulo ndi kutalikirana kwake ziyenera kuchokera kwa injiniya. Mmisiri angowerengera konkire. Pa masikweya mita 63 ndi masentimita 12 tipeza makiyubiki mita 7.56. Mabimu amawerengedwa paokha, gawo lokhalo lotsikira pansi pa silabu: akakhala masentimita 20 ndi 30, onse pamodzi mamita 40, ndi makiyubiki mita 2.4. Zonse pafupifupi 10. Pa matabwa pamatayika zochepa kusiyana ndi padothi, ndiye magawo 5 pa 100 akwana, tifike pa 10.5, omwe ndi matumba 84 pa 1:1.5:3. Musachotserepo malo a zitsulo, amangotenga gawo limodzi pa 100. Nambala imene eni nyumba ayenera kuimva bwino ndi iyi: kiyubiki mita ya konkire imalemera makilogalamu 2,400. Placa imeneyi ndi matani 24 atakhala pa mitengo ya bulugamu, anthu ndi mawilibala akuyenda pamwamba. Mchirikizo uliwonse uime pa thabwa osati padothi lofewa, italikirane mita imodzi kapena kuchepera, ndipo imangiriridwe yopingasa. Matabwa akafwamphuka pakati ndi masentimita awiri, matumba anu aja aperewera ndi 10, silabu nayo yalemera kuposa mmene injiniya anawerengera. Zitsulo zikhale pa timiyala ta simenti ta masentimita awiri kapena awiri ndi theka kuti zisagone pa thabwa, apo ayi zidzachita dzimbiri n'kuswa konkire kuchokera m'kati. Michirikizo isachoke masiku 21 asanakwane.

Mabwalo oyanikira chimanga ndi soya ali ndi lamulo lawo laling'ono. Konkire imafota ikamalimba, ndipo pabwalo imatenthedwa masana n'kuzizidwa usiku. Iduleni m'mabokosi osapitirira mamita atatu mbali zonse, mzere uliwonse uzame masentimita awiri ndi theka pa silabu ya masentimita 10. Idzang'ambikabe, koma m'mizere yanuyo. Pamene padzalowe lole kapena thirakitala ikani masentimita 15 ndipo muwerengerenso, chifukwa ndi theka lina la matumba pamwamba pa aja a masentimita 10.

Pomaliza pa nyumba yogona pamabwera phala losalazira pansi, la simenti ndi mchenga zokha. Limenelo silili m'matumba 44 aja. Likachindikala masentimita atatu pa 1:3, nyumba yathu ifunanso matumba pafupifupi 18. Mikangano yambiri ya mmisiri ndi bwana imabadwira pamenepa, wina akuwerengera silabu yokha wina akuganiza kuti ndi pansi potheratu. Lembani pa pepala limodzi, aliyense asunge lake: miyeso, kuchindikala, msakanizo, matumba, ndiponso ngati phala losalazira lili momwemo. Matumba opanda kanthu asatayidwe mpaka madzulo, awerengedwe onse awiri alipo.

Simenti musagule miyezi yambiri ntchito isanayambe pofuna kuthawa kukwera kwa mtengo. Akakhala miyezi yoposa itatu mphamvu zimatsika, makamaka nthawi ya mvula. Asanjidwe pa matabwa, osagunda khoma, matumba osapitirira 10 kukwera m'mwamba. Thumba la zibuma zimene sizifumbutuka mukazifinya ndi zala lisalowe m'silabu. Ogula m'mashopu ang'onoang'ono ayeze matumba awiri kapena atatu pa sikelo ya chimanga, popeza alipo amalonda ena amene amapungula n'kusokanso. Pamwamba pa nambala yanu sungani matumba awiri apadera, makamaka ngati muli kutali ngati ku Domue kapena ku Furancungo, kumene kuthamangira ku shopu konkire ili m'wilibala sikutheka. Akatsala alowa ntchito ya pulasitala.

Konkire yotsala madzulo isatayidwe kuseri kwa nyumba. M'mawa womwewo khomani timabokosi tiwiri kapena titatu ta matabwa, ta masentimita 50 mbali zonse ndi masentimita 5 kuzama, mutiyale pa pulasitiki pamalo osalala. Kamodzi kamatenga malita 12 ndi theka, ndiye wilibala imodzi yotsala idzaza tisanu, topondapo pochoka pakhomo kupita kubafa nthawi ya matope.

Ndife amisiri omanga,
Ulongue, Angónia